Kafani Kaulere ndi Nsalu ya Amayi a Kwaya

Ana anga, nonse mwandifunsapo za nsalu yoyera ija imene ndimaisunga m'sutikesi pamodzi ndi masatifiketi anga, yokhala ndi timabowo ta singano m'mbali monse. Iwe Chisomo mpaka unafuna kuidula kuti ikhale makatani a kukhitchini, ndipo tsiku limenelo unadziwa kuti mayi ako akadali ndi mawu. Tsopano ndapuma pa ntchito, nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano, ndiye ndikulembereni. Za ubwana wanga tidumphe. Munazimva kale kwa amalume anu, ndipo theka lake ndi bodza.

Ntchisi, zaka zanga zoyamba pa ntchito

Ndinayamba ngati kalaliki wotaipa pa ofesi ina ya mpingo yosindikiza timabuku ta nyimbo ndi ta Sande sukulu, kumtunda kwenikweni kwa mapiri a Ntchisi, kumene m'mwezi wa Juni zala zimauma usanamalize mzere woyamba. Bwana wanga anali Bambo Chikadza, munthu wamtali, wa tayi tsiku lililonse, wokonda makalata kuposa chakudya. Ukafuna tsache latsopano unkalemba kalata ya makope atatu, ina yake, ina ya kulikulu, ina ya m'faelo. Sindikunama. Ndinalembapo kalata yopempha mapepala olembera makalata. Koma mtima anali nawo wabwino, ndipo sanandikalipirepo pamaso pa anthu. Zinthu zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Riboni ya taipulaita ikatha tinkaitembenuza, ikathanso ndinkaidontheza mafuta a makina osokera kuti inki yotsalira idzuke. Kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka ukamukweza m'mwamba uzionera dzuwa. Ndipo madzulo aliwonse, ndisanatseke chitseko, a Chikadza ankaima kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti taipulaita ndaivundikira ndi nsalu. "Nambewe," ankatero, ponditchula ndi mfunda wanga, "makina ndi mlendo. Mlendo sagona wosafunda." Mawu amenewa anandilowa m'magazi, ndipo muwasunge chifukwa tidzawapezanso kutsogoloku.

Nachisaka, zaka za pakati

Kenako ananditumiza ku Nachisaka, ku Dowa, kumene ndinakhala zaka zambiri, kukwatiwa ndi bambo anu, n'kubereka inu nonse. Kumeneko ndi kumene ndinagwira kompyuta koyamba. Inabwera pa ngolo kuchokera pamsewu chifukwa galimoto inakana matope, ndipo sabata yathunthu ndinkangoipukuta osaiyatsa, kuopa kuti ndingaiphe. Nditaizolowera ndinaikonda ngati mwana. Ukalakwitsa chilembo sunkafunikanso kuyambiranso tsamba lonse, chinthu chimene kwa munthu wokulira pa taipulaita chinali ngati chikhululukiro cha machimo. Anzanga aamuna ankazemba maphunziro a kompyuta ponena kuti kutaipa ndi ntchito ya akazi, ndiye ulendo uliwonse wa maphunziro ku Lilongwe unkagwera ine. Ndinaphunzira kukonza masamba a mabuku, kenako zithunzi, pomaliza kudula ndi kulumikiza kanema. Mmene aamuna aja ankadzidzimuka, ine ndinali kale patali. Ndikalankhula za mafaelo a kanema pamsonkhano ankangogwedeza mitu ngati akumva, ndipo ine sindinkawachititsa manyazi, ndinkasekera mumtima.

Juni, chaka chimene kompyuta yaikulu inabwera

Zitatsala zaka ziwiri kuti ndipume, anandibwezera kumapiri kumene ndinayambira. Ndinapeza bwana ndi a Chikadza omwe aja, mutu uli mbuu, tayi ili pomwepo. Ofesi inali itaganiza zoyamba kujambula makwaya a m'midzi pa kanema, ndipo pankafunika kompyuta yamphamvu kwenikweni, osati zolembera makalata zija. Anandituma ine ku Lilongwe kukasankha zipangizo kwa mmisiri wina wodziwa ntchito yake, a Lemani, bambo wa ndevu zaimvi amene ankamanga makompyuta m'kasitolo kake. Tinasankha zonse bwinobwino mpaka tinafika pa pulosesa, kachitsulo kakang'ono kamene ndi ubongo wa kompyuta. Ndinaloza yamphamvu. A Lemani anavomera, kenako anaika patebulo chinthu chachikulu ngati njerwa ziwiri, chazitsulo zopyapyala zosanjikizana, timapaipi ta kopa, ndi fani mbali zonse ziwiri.

"Mayi, pulosesa mwasankhayi ndi ng'ombe ya pangolo. Ikamakoka imatentha zedi. Mutengenso choziziritsira ichi."

"Nanga m'bokosi la pulosesamo mukugubuduka chiyani?"

"Kafani kobwera nayo."

"Kaulere?"

"Kaulere, mayi."

"Ndiye mukundiuza kuti amene anapanga pulosesayo ndi opusa, aikemo kafani kosakwanira?"

"Sindinatero ayi. Polemba makalata kakwanira, mwinanso mpaka mudzapume pa ntchito. Koma kanema amaithamangitsa pulosesa maola ambiri osapuma. Kwanuko kumatentha?"

"Ku Ntchisi? Bambo, kwathu ndi nkhuku zomwe zimafuna juzi."

Anaseka, n'kubweza chinthu chake pashelefu. M'malo mwake ine ndinasankha masipika awiri akuluakulu, chifukwa ndinkafuna kuti kwaya ikamaimba mu ofesi mawindo azinjenjemera. Kunyada kunalipo, ndivomere. Kompyuta itafika, munthu wa kulikulu anabwera n'kumata sitika yofiira pamene chivundikiro cha m'mbali chimatsekera. Lamulo linali lakuti wotsegula makina a ofesi popanda chilolezo cholembedwa achotsedwa ntchito, ndipo sanali mawu oopsezera chabe, chifukwa kalaliki wina anapitadi kwawo chifukwa cha pulinta. Miyezi yozizira ija kompyuta inagwira ntchito ngati mphepo. Tinatulutsa akanema a makwaya awiri popanda vuto, ndipo ndinawaimbira a Lemani dala kuti ndiwanyogodole. "Kafani kanu kosakwanira kaja kakupatsani moni." Iwo anangoti, "Kabwezereni moniwo, mayi. Tionana m'chilimwe."

Malomo, Okutobala wa chaka chomwecho

Chimene sindinkadziwa n'chakuti akuluakulu anali atagwirizana kale zosamutsira ofesi yathu ku Malomo, kufupi ndi msewu ndi magetsi. Tinatsika m'mapiri n'kulowa m'kachipinda ka malata opanda siling'i, moyang'anizana ndi chigayo, pamene minibasi iliyonse ikadutsa fumbi limalowa kudzakupatsani moni. A Chikadza, poopa akuba ndi fumbi, anaitana kalipentala kuti akhome kabati ya matabwa a mlombwa, yokhala ndi loko, yokwana kompyuta ndendende, kumbuyo kabowo kamodzi kotulukira mawaya. Ine ndinaombera m'manja. Magetsi nawo ankabwera m'mawa n'kuthawa dzuwa likapendeka, ndiye ntchito yonse inali ya masana, malata akulira ndi kutentha.

Nthawi imeneyo tinkajambula kwaya ya amayi a mpingo wina wa kumudzi, cha kuseri kwa Malomo. Mtsogoleri wawo anali a Nachisale, mayi wamfupi, wa mawu oti akayamba nyimbo mbuzi za kudambo zimadzutsa mitu. Amayi amenewa anavutika nawo kanemayu. Masabata atatu ankakwera mapiri ndi ife atavala mabulauzi oyera, ana kumsana, kubwereza nyimbo imodzi kasanu chifukwa tambala walira pakati kapena wanjinga wadutsa kumbuyo. Amuna ena a mumpingomo ankawaseka. Mkulu wa mpingo wina ananena poyera kuti amayi akutaya nthawi yososa m'munda, ndipo kuti iye adzaona mkazi wake pa kanema tsiku limene nkhuku idzamere mano. A Nachisale anamuyankha pamaso pa mpingo wonse, natchula Lamulungu limene kanemayo adzaonetsedwe, ndipo makalata oitanira mipingo yoyandikana anatumizidwa. Ndinawataipa ndine. Pothokoza ntchito yathu, amayiwo anasonkha nsalu yoyera yaikulu, n'kuipinda pawiri, n'kusoka chovundikira kabati yonse mpaka pansi, cha mizere ya ulusi wobiriwira m'mphepete. Anabwera nacho akuimba. A Chikadza analamula kuti chizikhala pomwepo usana ndi usiku, kungopinda pang'ono pa chitseko poyatsa. Mlendo wathu anafunda zenizeni.

Lolemba la sabata yomaliza ndinali nditadula nyimbo zonse khumi. Chotsala chinali chakuti kompyuta iumbe zidutswazo zikhale kanema weniweni, ntchito imene imaithamangitsa pulosesa mpaka kumapeto a mphamvu zake. Ndinayambitsa nyimbo yoyamba. M'kabatimo munayamba kulira ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini, kenako phokoso linakula mpaka kupikisana ndi chigayo, kenako zii. Yazima. Ndinayesa magetsi athawa, koma babu linali kuyaka. Ndinayatsanso, inafika pakati, yazimanso. Lachiwiri chimodzimodzi. Nditapisa dzanja m'kabati ndinalibweza msanga, munali ngati mu uvuni wa masikono. Mantha anandigwira, osati a makinawo, koma a nkhope ya a Nachisale itaima kutsogolo kwa mipingo isanu popanda choonetsa. Lachitatu ndinameza kunyada kwanga n'kuimbira a Lemani. Anamvetsera mpaka ndinatchula kabati ndi nsalu, pamenepo anandidula mawu.

"Mayi, mwati mwaitsekera m'bokosi, n'kuifunditsa, ku Malomo, mu Okutobala?"

"N'chifukwa cha fumbi."

"Kompyuta imapuma ngati inu nomwe. Imazima dala kuti isapse. Itulutseni pompano."

Ndinaitulutsa n'kuiika patebulo. Sinazimenso, koma inkayenda ngati nkhono, kafani kakulira momvetsa chisoni. A Lemani anandilongosolera kuti pulosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo kafani kakang'ono, kodzazanso fumbi, sikangachotse moto wonsewo. Tsiku lonse ndinatulutsa nyimbo imodzi ndi theka magetsi asanathawe. Ndinawerenga masiku pa zala, Lamulungu linakana. "Choziziritsira chija chikadali pashelefu," anatero a Lemani. "Ndikupatsira kondakitala wa minibasi mawa m'mawa, masipika anu aja mudzabweze tisinthane. Koma ine sindingabwere, ndili ndi ukwati wa mwana wanga Loweruka. Mumanga nokha, ine ndizikuuzani pa foni." Sananene kuti ndinakuuzani. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine khutu langa linali litatsinidwa kale mu Juni, ndinangosankha kusamva.

Lachinayi ndinawafotokozera a Chikadza zonse. Anamvetsa, nkhope inagwa, koma atayang'ana sitika yofiira ija anapukusa mutu. "Nambewe, lembani kalata yopempha chilolezo. Makope atatu." Ndinawakumbutsa kuti kalata yopita kulikulu imayankhidwa pakatha masabata awiri ngati mwayi ulipo. Anayesa kuimba foni kulikulu, anauzidwa kuti woona za makina ali kumaphunziro ndipo palibe wina angavomereze. "Zaka zonsezi mwagwira popanda banga," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna mutaye penshoni chifukwa cha sitika? Tiwapepese amayiwo, tisunthe tsiku." Madzulo ake katundu anafika pa kabaza kuchokera pa siteji, atakulungidwa m'nyuzipepala. Ndinamuika pansi pa tebulo n'kupita kunyumba. Bambo anu nditawauza anangofunsa funso limodzi: "Kodi tsiku la kanemayo analilemba ndani pa makalata oitanira anthu aja?" Ndinati ndinataipa ndine. Iwo anapitiriza kukonza njinga yawo.

Lachisanu la sabata imeneyo

Ndinafika m'mamawa bwana asanabwere. Ndinagoneka kompyuta patebulo, ndinapemphera mwachidule, n'kudula sitika ndi lezala. M'katimo kafani kaja kanali katavala fumbi lomatana ngati thonje la m'matiresi akale. A Lemani ali pa foni ndinamasula kafaniko, ndinapukuta pamwamba pa pulosesa, n'kudontheza phala lotuwa lobwera ndi choziziritsira chatsopano, kadontho kofanana ndi njere ya soya. Vuto linabwera pomanga. Kuseri kunkafunika kugwira kachitsulo kena pamene kutsogolo ukumanga masikuluwu, ndipo Mulungu anandipatsa manja awiri okha. Ndinaimiritsa kompyuta, kachitsulo kanagwa. Ndinayesanso, kanagwanso. Ndili chiweramire, thukuta lili kamukamu, ndinamva chitseko chikutseguka. A Chikadza anaima pakhomo, chikwama m'manja. Anayang'ana matumbo a kompyuta ali pamtunda, anayang'ana sitika yoduka, anayang'ana ine. Anatseka chitseko, anavula jekete n'kulikoleka pampando, ndipo chinthu chimene sindinachionepo zaka zonsezo chinachitika: anavula tayi.

"Ndigwire pati?"

Anagwira kachitsulo kuseri, ine ndikumanga kutsogolo, a Lemani akufuula pa foni kuti tisamange sikuluwu imodzi mpaka kumapeto koma tizisinthasintha mopingasa. Titamaliza tinapeza kuti choziziritsiracho chatalika, chivundikiro cha m'mbali sichikutsekeka. "Isiyeni choncho," anatero a Lemani, "ilibe apongozi." Tinayatsa. Mafani awiri aja anayamba kuzungulira mwakachetechete moti ndinaika khutu kuti nditsimikize. Ndinayambitsa nyimbo. Mzere wosonyeza ntchito, umene dzulo lake unkakwawa, unayamba kuyenda ukuoneka ndi maso. Ndinalumpha ngati mtsikana, ine mayi wa ana anayi, n'kuwagwira bwana dzanja ndi manja onse awiri.

A Chikadza anavalanso tayi, anakhala pampando wawo n'kunena ndi mawu a ntchito, "Nambewe, tengani pepala." Ndinadziwa kuti ndikulemba ndekha kalata yondichotsa ntchito, ndipo ndinakonzeka kuilemba popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anayamba kutchula mawu pang'onopang'ono monga ankachitira kale ku mapiri. Kalatayo inkadziwitsa akulikulu kuti iwo, monga mkulu wa ofesi, anali nawo potsegula kompyuta ndipo anagwira nawo ntchitoyo ndi manja awo, pofuna kupulumutsa makina ndi ulemu wa ofesi, ndipo ngati pali wofunsidwa afunsidwe iwo. Ndinataipa misozi ikugwera pa zala. Atasaina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Makope atatu, Nambewe." Yankho la kulikulu linadzabwera patatha mwezi, lodzudzula tonse awiri m'mizere inayi, ndipo munthu wa sitika uja atabwera sanapeze poimata.

Pofika Loweruka masana nyimbo zonse khumi zinali zitatuluka. A Nachisale anabwera kudzaona ngati zatheka, ndipo anapeza nsalu yawo itapindidwa pampando, kompyuta ili pamtunda yosavala. Ndinachita manyazi, chifukwa mphatso ya anthu siichotsedwa chisawawa. Ndinawafotokozera mosamala kuti nsaluyo ndi yokongola, koma pamodzi ndi kabati inkawatsamwitsa makinawo. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mayi inu! Ndiye ife tinkamufunditsa bulangete mwana wa malungo? Bwanji osanena? Bweretsani kuno nsaluyo, ili ndi ntchito ina."

Lamulungu

Tchalitchi chawo chinali cha njerwa zosapaka pulasitala, ndipo ine m'mavuto onse aja sindinaganizepo kuti kanema tidzamuonetsa pa chiyani. Titafika ndi pulojekita tinapeza mawindo atatchingidwa ndi zitenje kuti mukhale mdima, ndipo kutsogolo, pamwamba pa guwa, panali nsalu yoyera yaikulu itakokedwa ndi zingwe m'makona anayi. Amayi anali atasosola misoko yonse Loweruka madzulo, n'kuichapa, n'kuisita. Mizere yobiriwira ija inakhala ngati felemu. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala pansi m'kanjira. Nditayatsa, phiri linaoneka pansalupo, kenako amayi makumi awiri atavala zoyera akutsika akuimba, a Nachisale patsogolo. Tchalitchi chinaphulika. Nthungululu, ana kuloza amayi awo, mayi wina kubisa nkhope m'chitenje atadziona akuvina, kenako kusuzumira ndi diso limodzi. Mkulu wa mpingo wa nkhuku ya mano uja anaimirira pamene mkazi wake anaonekera pafupi akuimba yekha, n'kuyamba kuuza aliyense woyandikana naye kuti, "Akwathu awo! Akwathu awo!" ngati pali amene ankatsutsa. Nyimbo yachitatu anaibwereza katatu. A Chikadza anaweramira kwa ine n'kunong'ona, "Nambewe, mlendo uja tinamufunditsa molakwa." Ndinati, "Ayi bwana, tinangolakwitsa mwezi."

Kafani kaulere kaja sindinakataye. Titakapukuta tinadzakamanga m'kompyuta yolembera makalata imene fani yake inafa, ndipo mmene ndinkapuma pa ntchito kanali kakuzungulirabe osadandaula. Sikanali koipa. Ndine ndinakasenzetsa katundu wa ng'ombe, n'kukatsekera m'bokosi. Nsalu ija inayenda nafe m'mipingo yambiri ya ku Ntchisi ndi ku Dowa, ndipo amayi ambirimbiri anadzionera nkhope zawo koyamba pa iyo. Tsiku lotsanzikana nane, a Nachisale anabwera nayo itapindidwa bwino, n'kuiika m'manja mwanga pamaso pa anthu onse. "Iyi ndi yanu, mayi. Inayamba ndi kubisa, inamaliza ndi kuonetsa. Koma chonde, musadzafunditsirenso chinthu chopuma."

Ndiye Chisomo mwana wanga, makatani ukagule kumsika.